Mkazi wopanda mwamuna amatsamira pa yani? Mabuku awiri powawerengera ku Chaisa

Mu 2000 kampani ya Heinemann inatulutsa buku la Binwell Sinyangwe lotchedwa A Cowrie of Hope, mu mndandanda wa African Writers Series, womwe uja unatulutsanso mabuku a Chinua Achebe ndi Ngugi wa Thiong'o. Ndi kabuku kochepa thupi, koti munthu angakamalize tsiku limodzi, ndipo nkhani yake yonse yazungulira pa thumba limodzi la nyemba. Koma funso lomwe lili m'katimo ndi lolemera, ndipo aliyense wokhala m'makomboni a Lusaka amalidziwa ngakhale asanatsegulepo buku: dziko likasintha, ndalama zikatha mphamvu, ntchito zikatsekedwa, mkazi amene alibe mwamuna amatsamira pa yani? Pa abale, pa boma, pa lamulo, kapena pa akazi anzake?

Funso lomweli analifunsapo mlembi wa ku England, Elizabeth Gaskell, zaka pafupifupi 150 Sinyangwe asanalembe, m'buku lake la Cranford. Mabuku awiriwa sanalembedwe modziwana, koma ukawawerenga pamodzi uli m'komboni ya Chaisa, limodzi limaunikira linzake, ndipo onse awiri amalakwitsa pamalo amodzi.

Tiyambe ndi lathu. Nasula, amake Sula, ndi mayi wamasiye wa m'mudzi wa Swelini, kumpoto cha ku Mbala. Sadziwa kulemba kapena kuwerenga. Mwamuna wake, Winelo Chiswebe, ankamunyoza ndi kumuzunza, ndipo anafera ku Lusaka ataomberedwa ndi apolisi pa nkhani ya kuba. Asanatsirizike anasiya mawu akuti zomwe anali nazo zikhale za mkazi wake ndi mwana. Abale ake sanawalabadire mawuwo. Anasesa ndalama ndi katundu, ndipo Nasula atakana kulowedwa chokolo ndi mlamu wake Isaki, anamusiya manja ali m'khosi, n'kubwerera kumudzi wopanda kanthu. Nkhani ikamayamba, Sula wakhoza mayeso a Giredi 9 ndipo wapatsidwa malo ku sekondale ya atsikana ya St Theresa ku Kasama. Pakufunika K100,000, ndalama zakale zija boma lisanachotse maziro atatu mu 2013. Nasula alibe ngakhale kobiri.

Akuyenda wapansi tsiku lathunthu kupita ku famu ya a Chiswebe ku Mangano kukapempha kwa anthu omwe anamulanda. Apa ndi pamene Sinyangwe akuonetsa luso lake. Wolemba wofulumira akanatipatsa mlamu wonenepa akuseka pakhonde. Iye akutipatsa Isaki wodwala, atagona, thupi litatha, ndipo famu yasesedwa ndi angongole chifukwa cha ngongole ya ulimi yomwe sinabwezedwe. Banja lomwe linalanda nalonso lalandidwa. Nasula sangathe n'komwe kukwiya bwinobwino, pakuti palibe chomwe chatsala choti aitanitse.

Sinyangwe anaphunzira zachuma ku Bucharest, m'dziko la Romania, ndipo zimaoneka m'kalembedwe kake. Sakuimba mlandu mtima woipa wa munthu mmodzi. Akutionetsa zaka za m'ma 1990 mmene zinalili. Chipani cha MMD chinalowa m'boma mu 1991, ndipo mu 1992 kunabwera lamulo logulitsa makampani a boma, chaka chomwenso chilala chinawotcha chimanga m'chigawo chonse chino cha Afirika. Zambia Airways inatsekedwa mu Disembala 1994, mabasi a UBZ anaima, banki ya Meridien BIAO inagwa mu 1995 ndi ndalama za anthu. NAMBOARD, yomwe inkagula mbewu kwa alimi mpaka kumidzi yakutali, inali itathetsedwa kale mu 1989, ndipo mlimi wa ku Mbala anangotsala ndi wogula aliyense amene wafika ndi lole. Kuchipatala ndi kusukulu kunafunika ndalama pamanja. Pamwamba pa zonsezi, Edzi inkatenga abambo ndi amayi a msinkhu wogwira ntchito. Amene anakhala ku Chaisa, ku Mandevu kapena ku Marapodi nthawi imeneyo akukumbukira chomwe chinatsatira: bambo wochotsedwa ntchito ali pakhomo kudikira ndalama zake za penshoni, mayi watulutsa tebulo panja, wayalapo tomato, makala ndi timapaketi ta ufa tomwe tinatchedwa pamela, ndipo tebulo limenelo ndilo ladyetsa banja.

Amene akumuonetsa Nasula njira ndi mnzake wakale, Nalukwi, mayi wa m'komboni ku Lusaka. Akumuuza kuti nyemba za ku Mbala zikufunidwa m'tauni, ndipo thumba lake lomaliza lingakwanire fizi ya Sula. Amukwezetsa galimoto, amugoneka kunyumba kwake, amuperekeza ku msika wa Kamwala. Kumsikako munthu wovala bwino, Gode Silavwe, akuvomera mtengo wa K120,000, akukweza thumba m'galimoto yake n'kuthawa osalipira. Nasula akuyamba ulendo wobwerera kwawo, koma ali m'njira akutsika basi n'kubwerera ku Lusaka kukasaka wakubayo m'misewu ya mzinda womwe sakuudziwa bwino, wanjala, zovala zitada. Masamba amenewa ndi ovuta kuwawerenga osapuma.

Tsono tiwoloke nyanja. Elizabeth Gaskell anabadwa mu 1810, anakulira m'katauni ka Knutsford kwa achemwali a mayi ake, ndipo anakwatiwa ndi mbusa wa ku Manchester, mzinda wa mafakitale a nsalu. Cranford inayamba kutuluka pang'onopang'ono mu 1851 m'magazini ya Household Words ya Charles Dickens, n'kukhala buku mu 1853. Katauni ka m'bukuli kali m'manja mwa akazi: mbeta zokalamba ndi amayi amasiye. Amuna anamwalira, ena ali kunkhondo kapena pa sitima zapanyanja, ena amakhalira kumzinda wa malonda wa Drumble. Akaziwa ndi osauka koma ndi a mabanja omwe kale anali olemekezeka, ndipo anapangana mwakachetechete kuti za umphawi sazitchula. Miss Matty Jenkyns, mwana wa malemu abusa a m'deralo, amaika makandulo awiri pa tebulo koma amayatsa imodzi, n'kumazisinthanitsa pafupipafupi kuti zizifupika mofanana, mlendo akalowa aziganiza kuti m'nyumba muno mumayaka ziwiri. Gaskell amalemba izi mwachikondi, ndipo ine sindiona choseketsa mmenemo. Ndi nzeru yomweyo ya mayi wa m'komboni amene amateleka poto wa madzi pa mbaula madzulo kuti utsi uoneke, aneba asadziwe kuti lero ana agona ndi njala.

Kusintha kukulowa mu Cranford ndi njanji. Captain Brown, wogwira ntchito ku kampani ya sitima, akudabwitsa amayiwa ponena poyera kuti iye ndi wosauka, ndipo pambuyo pake sitima yomweyo ikumupha pamene akupulumutsa mwana panjanji. Koma chomwe chikugwetsa Miss Matty ndi banki. Mkulu wake Deborah anaika pafupifupi chuma chawo chonse mu Town and County Bank. Tsiku lina Miss Matty ali m'sitolo kusankha nsalu, akuona mlimi akukanidwa ndalama yapepala ya mapaundi asanu chifukwa kwamveka kuti bankiyo ikugwa. Popeza iye ali ndi masheya m'bankimo, akudziona kuti ali ndi ngongole kwa mlimiyo, ndipo akutulutsa ndalama zake zagolide zisanu n'kusinthana naye pepala lopanda ntchitolo. Mawa lake zikutsimikizika. Pa ndalama zopitirira mapaundi 160 zomwe ankalandira pa chaka, akutsala ndi pafupifupi 13. Amene anataya ndalama ku Meridien mu 1995 safunika kumufotokozera mmene mawondo amalefukira pa tsiku lotere.

Chomwe akaziwo akuchita ndicho mtima wa buku lonse. Akukumana mobisa kunyumba kwa mmodzi wa iwo, Miss Pole, ndipo aliyense akulemba pa kapepala ndalama yomwe angakwanitse kupereka chaka ndi chaka, n'kukamata kuti mnzake asaone. Mrs Forrester, wosaukitsitsa mwa onse, akupepesa kuti yake ndi yochepa, chonsecho ndi yoposa gawo limodzi mwa magawo 20 a zonse zomwe amadalira. Akupangana kuti Miss Matty asadziwe, aziganiza kuti ndi ndalama zake zomwe ayenera kulandira mwalamulo. Kenako Miss Matty akusandutsa chipinda chimodzi cha nyumba kukhala kogulitsira masamba a tiyi, atayamba wapita kwa mwini sitolo, Mr Johnson, kukafunsa ngati sizimuwonongera malonda. Mwana wa abusa watsegula kantemba.

Wa ku Chaisa akawerenga za msonkhano wa kwa Miss Pole amaganiza za chilimba, ndipo sakulakwa. Amayi a pamsika kapena a mu mzere umodzi wa nyumba amasonkha, kaya K20 kaya K50, tsiku lililonse kapena pa sabata, mmodzi n'kutenga zonse, wotsatira n'kudikira nthawi yake. Pali kope, pali msungichuma, ndipo wochedwa kupereka amamuyendera pakhomo. Masiku ano magulu ambiri anakula kukhala mavileji banki obwereketsa ndi chiwongoladzanja n'kugawana kumapeto kwa chaka, ndipo ndalama zina zimayenda pa foni. M'mipingo muli magulu onga Chigwirizano cha amayi a Reformed Church in Zambia, omwe amafika pa maliro ndi ufa, nkhuni ndi nyimbo. Koma pali kusiyana komwe ndikuona kuti n'kofunika. Thandizo la ku Cranford ndi lobisa chifukwa wolandira angachite manyazi. Limateteza ulemu wake pomunamiza. Chilimba sichifuna bodza, pakuti lero walandira iwe, mawa ndine, ndipo palibe wopemphetsa. Pamenepa amayi athu anapeza njira yabwino kuposa ya m'buku la Gaskell.

Komabe chilimba chili ndi chitseko, ndipo chitsekocho chimatsekera kunja munthu amene akufunikitsitsa thandizo. Kuti ulowe uyenera kukhala ndi choponya. Nasula sakanalowa gulu lililonse: analibe tebulo, analibe malonda a tsiku ndi tsiku, analibe womuikira umboni. Mayi wotere m'komboni amathera kwa a kaloba, komwe ngongole imakula msanga kuposa phindu la tomato. N'chifukwa chake Nalukwi ndi munthu wamkulu m'buku la Sinyangwe kuposa mmene owerenga ambiri amamuonera. Iye akuthandiza munthu amene sangabweze kanthu.

Ku Cranford nakonso amene akupereka zambiri si amayi a pa msonkhano aja, koma wantchito wa m'nyumba, Martha. Atamva kuti abwana ake sangathenso kumulipira, akukana kuchoka. Akugula zophikira ndi ndalama zake kuti Miss Matty adye chakudya chabwino tsiku latsokalo, ndipo akukakamiza bwenzi lake, kalipentala Jem Hearn, kuti akwatirane msanga, atenge nyumbayo, Miss Matty akhale nawo ngati wochita lendi. Martha wasintha moyo wake wonse chifukwa cha mayi wokalambayu, koma pa msonkhano wa kwa Miss Pole sanaitanidwe, chifukwa si wa gulu lawo. Ndikamaona amayi akutuluka m'Chaisa mbandakucha kupita kukachapa ndi kulera ana m'nyumba za ku Emmasdale, Northmead ndi Rhodes Park, ndimakumbukira kuti mabanja ambiri olemekezeka aima chifukwa cha Martha wina amene dzina lake silitchulidwa pa msonkhano wa banja.

Tisawapange akaziwa kukhala angelo. Gulu lomwe limagwira munthu akamagwa ndi lomwenso limamulondera. Miss Matty anakalamba wosakwatiwa chifukwa bambo ake ndi mkulu wake anaona kuti mlimi Thomas Holbrook, amene ankamukonda, ndi wotsika kwa mwana wa abusa. Mmodzi wa amayiwo, Lady Glenmire, atavomera kukwatiwa ndi dokotala wamba, Mr Hoggins, mnzawo Mrs Jamieson anasiya kulankhula nawo. Kwathu kuno amayi omwe amagona pansi m'nyumba ya maliro masiku atatu, kuphika ndi kutonthoza wamasiye, nthawi zina ndi omwenso amangoyang'ana pamene abale a malemu akukweza mipando, firiji ndi matiresi pa lole. Ndipo pakati pa okwezawo pamakhala alongo a malemu ndi mayi ake. Kulanda chuma cha amasiye si nkhondo ya amuna okha.

Kuti timvetse chifukwa chake kulandaku kunakula m'tauni, tiyenera kuyang'ana mmene tauniyo inamangidwira. Lusaka inakhala likulu mu 1935, ndipo boma la atsamunda linkaona Mwafirika wa m'tauni ngati wantchito wamwamuna wongodutsa. Nyumba inkabwera ndi ntchito, ntchito inali ya mwamuna, ndipo mkazi ankakhalamo kudzera mwa iye. Ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira mumzinda n'kudzimangira okha pa mafamu akale ndi m'mbali mwa migodi ya miyala. Lamulo la nyumba la 1974 linavomereza ena mwa malowa, ndipo ntchito yothandizidwa ndi World Bank inabweretsa misewu ndi mipopi ku Chawama, George, Chaisa ndi Chipata, pamodzi ndi chiphaso cholola munthu kukhala pamalopo zaka 30. Nyumba ya m'komboni inasanduka chuma chogulitsika. Ann Schlyter, amene anafufuza za amayi oyang'anira okha mabanja ku George, ndi Karen Tranberg Hansen, amene analemba Keeping House in Lusaka atakhala zaka zambiri akucheza ndi anthu a ku Mtendere, onse anaonetsa kuti kwa mkazi wa m'komboni nyumba ndi pogona, ndi pogulitsira, ndiponso ndi penshoni kudzera m'zipinda za lendi.

Kumudzi mwambo unali ndi mbali ziwiri. Kwa Achewa ndi Ansenga, kumene mwamuna ankalowa chikamwini, bambo akamwalira mkazi ankatsala pa nthaka ya kwawo, pakati pa mbumba yake, ndipo ana ankayang'aniridwa ndi atsibweni awo. Abale a malemu akatenga khasu ndi mfuti sankamusiya panja. Kwa Amambwe a kwa Nasula, kapena Angoni, kumene ana ndi a kuchimuna, wolowa m'malo mwa malemu ankatenga chuma pamodzi ndi udindo wodyetsa mkazi ndi ana. M'tauni mbali ziwirizi zinapatukana. Anthu anasunga ufulu wotenga n'kutaya udindo wolera, ndipo chotengedwacho si khasu ayi, ndi nyumba yomwe mkazi anaumbira nawo njerwa. Isaki akamati akutsata mwambo, akutsata theka lake lokha, theka lomukomera.

Malamulo anabwera mochedwa m'maiko onse awiri. Ku England kwa nthawi ya Gaskell, mkazi akakwatiwa chuma chake chinkakhala cha mwamuna, mpaka malamulo a 1870 ndi 1882 anasintha zimenezi. Amayi a ku Cranford ali ndi nyumba zawo chifukwa chakuti alibe amuna. Ku Zambia lamulo la 1989 lokhudza chuma cha munthu womwalira osasiya wilo linagawa motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, 10 kwa ena omwe ankadalira malemuyo. Nyumba ndi ya ana ndi wamasiye, amene ali ndi ufulu wokhalamo mpaka atamwalira kapena kukwatiwanso. M'ma 1990 apolisi anatsegula nthambi ya Victim Support Unit, yomwe yabweza katundu wa amasiye ambiri, ndipo lamulo la 2011 lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limawerengera kulanda chuma ngati nkhanza. Izi n'zenizeni ndipo zathandiza. Koma mayi ayenera kudziwa kuti lamulolo lilipo, akhale ndi ya basi, ndiponso alimbe mtima kukasumira agogo a ana ake, pamene ena akumuopseza kuti akatero sadzamusudzula.

Pano ndi pomwe ndimatsutsana ndi alembi onse awiri. Gaskell atatha kutionetsa akazi akudzipulumutsa okha, akubweretsa mlongo wake wa Miss Matty, Peter, amene anathawa ali mnyamata bambo ake atamukwapula pagulu chifukwa chovala zovala za Deborah. Akubwera kuchokera ku India ndi ndalama zokwanira, malonda a tiyi akutsekedwa, ndipo iye ndiye akuyanjanitsa amayi okangana aja. Sinyangwe nayenso: Nasula atamupeza Gode n'kukakamira galimoto yake, nkhani ikufika kupolisi, wapolisi wa pa kauntala akulandira chiphuphu n'kumumasula wakubayo, ndipo chilungamo chikubwera kudzera mwa bwana mmodzi woongoka mtima, Samson Luhila, amene akulamula Gode kulipira K150,000. M'mabuku onse awiri mfundo yomwe akazi analimbana nayo masamba onse ikumasulidwa ndi mwamuna mmodzi wabwino wotulukira kumapeto. Ndimamvetsa chifukwa chake. Wowerenga amene wayenda ndi Nasula m'misewu ija sangapirire kumuona akubwerera chimanjamanja. Ndipo Sinyangwe ndimamukhululukira pang'ono, chifukwa Nasula akukwera yekha masitepe opita ku ofesi ya bwanayo pamene aliyense akumuletsa, pomwe Miss Matty akungolandira mlongo wake pakhomo. Koma mathero oterewa amaphunzitsa kudikira mwayi. Amayi ambiri a ku Chaisa alibe mlongo ku India, ndipo amene anaberedwa ku msika wa Soweto kapena wa Kamwala kawirikawiri sakumana ndi Luhila aliyense. Zoona za mabukuwa zili pakati pawo, pa timapepala ta kwa Miss Pole, pa Martha ndi pa Nalukwi.

Kodi Nasula wa lero akanayendabe ulendo uja? Mwina ayi, ndipo izi n'zosangalatsa kunena. Boma linachotsa fizi ya Giredi 1 mpaka 7 mu 2002, ndipo kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka Giredi 12. Sukulu yogonera komweko ikadali ndi malipiro ake, koma mwana wosauka angapemphe thandizo ku thumba la CDF la m'dera lake. Kuyambira 1997 mtsikana wotenga mimba amaloledwa kubwerera m'kalasi atabereka. Khomo lomwe Nasula ankagogoda ndi thumba la nyemba latseguka kwambiri, ngakhale yunifolomu, nsapato ndi makope zikadali pa tebulo la amake.

Mbali inayo, ya chuma, yatsalira m'mbuyo. Lamulo la 1989 silikhudza malo a mafumu, choncho munda womwe mayi wa ku Swelini walima zaka zonse za ukwati wake sungagawidwe ndi khoti pansi pa lamuloli. Zimadalira mfumu ndi abale a mwamuna. Ndipo m'Chaisa anthu ochuluka sakhala m'nyumba zawo, amachita lendi chipinda chimodzi kapena ziwiri. Bambo akamwalira m'nyumba ya lendi palibe nyumba yoti lamulo liteteze. Pali bedi, mbaula, wailesi ndi tebulo la malonda, ndipo mwezi ukatha landilodi amafuna ndalama yake monga mwa nthawi zonse.